William Murray: mmishoni amene adayala maziko a sukulu za m'midzi m'chigawo cha pakati

Dzina la William Murray ndi lodziwika kwa Amalawi ambiri chifukwa cha sukulu ya sekondale ya anyamata yomwe ili ku Nkhoma m'boma la Lilongwe. Akhristu a mipingo yosiyanasiyana nawonso amakumana ndi ntchito ya manja a mkuluyu akamatsekula Buku Lopatulika, ngakhale ambiri sadziwa kuti ndi iye amene adatsogolera ntchito yolimasulira.

Koma mbiri ya a Murray ili ndi mbali ina imene sikambidwa kawirikawiri. Kwa zaka zoposa 30 iwo adali mkulu wa mishoni ya Dutch Reformed m'dziko muno. Kwa zaka zambiri za nthawiyo boma la atsamunda lidalibe nthambi yoona za maphunziro, moti mfundo zonse za sukulu zinkapangidwa pa mishoni. Motero a Murray adali m'gulu la anthu ochepa amene ankagamula zimene mwana wa m'mudzi aziphunzira, chiyankhulo chimene aziphunziriramo, munthu woyenera kumuphunzitsa, komanso muyeso woonera ngati waphunziradi. Zimene adasankha zidapindulitsa chigawo cha pakati kwambiri, koma zidachisiyiranso ngongole imene idatenga zaka zambiri kuti ibwezedwe.

Kuchokera ku Cape kudzafika ku Domira Bay

William Hoppe Murray adabadwa m'chaka cha 1866 ku South Africa, m'banja la abusa. Agogo awo, Andrew Murray, adachoka ku Scotland m'chaka cha 1822 kukatumikira mpingo wa Dutch Reformed ku Graaff-Reinet, ndipo ana ndi adzukulu awo ambiri adadzakhala abusa ndi amishoni. Bambo awo a William adali mbusa ku Worcester, pomwe bambo awo aakulu, omwenso dzina lawo lidali Andrew Murray, adatchuka padziko lonse chifukwa cha mabuku achikhristu amene adalemba. William adatsata mapazi a makolo ake ndipo adaphunzira zaubusa ku Stellenbosch.

M'chaka cha 1886 abusa ena a mpingowu ku Cape adagwirizana zosonkha ndalama za m'matumba mwawo kuti atumize mmishoni kudziko lakutali. Woyamba kutumidwa adali Andrew Charles Murray, mwana wa bambo awo aang'ono a William. Iye adafika kunyanja ya Malawi m'chaka cha 1888 ndipo adalandiridwa ndi amishoni a Livingstonia motsogozedwa ndi Dr Robert Laws. Chaka chotsatira, pa 28 November 1889, iye ndi mnzake T.C.B. Vlok adakhazikitsa mishoni ya Mvera m'dziko la mfumu ya Angoni, Chiwere, pamapiri oyang'ana kuchigwa cha Salima.

William Murray adawatsatira m'chaka cha 1894. Ulendo wa masiku amenewo udali wodzera panyanja yamchere mpaka kumathiriro a Zambezi, kenaka kukwera mtsinjewo ndi wa Shire, kulambalala mathithi pamtunda, ndi kukweranso sitima yapamadzi yolowa m'nyanja ya Malawi. Doko la mishoni ya Mvera lidali Domira Bay, kumpoto kwa Senga Bay m'boma la Salima la lero. Pamchenga wa pamenepo ndi pomwe ankatsitsira amishoni, makalata, mankhwala, nsalu, masileti ndi mabuku, ndipo amtengatenga ankasenza katunduyo pamutu kudutsa chigwa chotentha mpaka kukwera mapiri.

Dziko limene mbusa wazaka 28 ameneyu adalipeza lidali losakhazikika. Boma la Britain lidali litangolengeza ulamuliro wake m'chaka cha 1891, ndipo Harry Johnston adali akumenyana ndi mafumu ochita malonda a akapolo m'mphepete mwa nyanja. Ngalawa zinkawolotsabe anthu ogwidwa kupita kutsidya la kummawa. Kumtunda Achewa ambiri ankakhala m'malinga ndi m'mapiri poopa nkhondo za Angoni. Sukulu zoyamba za mishoniyi zidamera pakati pa mantha oterewa.

Sukulu ya m'mudzi ndi mphunzitsi wake

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, A.C. Murray atabwerera kwawo, utsogoleri wa mishoni udagwera William. Nthawi imeneyo nthambi za mishoni zidali zitayamba kale kufalikira: Kongwe idatsegulidwa m'chaka cha 1894 ndipo Nkhoma mu 1896. Mu ulamuliro wa a Murray mudabwera Mlanda mu 1902, Mphunzi mu 1903, Malingunde mu 1907 ndi zina zotsatira, kufikira pamene Kasungu idalandiridwa kuchokera kwa a Livingstonia m'zaka za m'ma 1920.

Komabe mphamvu ya mishoniyi siidali panyumba za njerwa za pasiteshoni ayi. Idali m'sukulu zing'onozing'ono za m'midzi, zomangidwa ndi mitengo ndi dothi, zofolera ndi udzu, zimene anthu a m'mudzi ankamanga okha mfumu ikavomera. Nyumba imodzimodziyo inkakhala sukulu pakati pa sabata ndi tchalitchi tsiku la Mulungu. Ana, ndipo nthawi zambiri akuluakulu omwe, ankaphunziramo kuwerenga, kulemba, kuwerengera, nyimbo ndi mawu a Mulungu, zonse m'Chinyanja. Pofika zaka za m'ma 1920 sukulu zotere zidalipo mazanamazana, ndipo mishoni ya Dutch Reformed idali m'gulu la mishoni zokhala ndi ana asukulu ochuluka koposa m'Nyasaland.

Kuchuluka kotereku kudabweretsa funso limene mpaka lero limasautsa oyendetsa maphunziro: munthu angadziwe bwanji kuti m'sukulu yakutali, imene mkulu wa mishoni sangafikeko ngakhale kamodzi pachaka, ana akuphunziradi? Amishoni achizungu adali ochepa. Amene ankaimirira kutsogolo kwa ana adali Amalawi, ambiri a iwo anyamata amene adangotsogola pang'ono pa ophunzira awo.

Yankho la mishoni motsogozedwa ndi a Murray lidali la mbali zitatu. Choyamba, idakhazikitsa sukulu yophunzitsa aphunzitsi ku Mvera. Chachiwiri, aphunzitsi amene adali kale m'midzi ankaitanidwa kusiteshoni nthawi ndi nthawi kuti adzawonjezere maphunziro ndi kuyesedwa, ndipo wokhoza ankakwera giredi. Chachitatu, padali oyendera sukulu, amishoni pamodzi ndi aphunzitsi achikulire odalirika, omwe ankayenda pansi mudzi ndi mudzi kuona kaundula wa ana, kumvetsera mmene akuwerengera ndi kupereka lipoti kusiteshoni. Mayeso a mwana sadali a pepala losindikizidwa. Woyendera ankamupatsa buku kuti awerenge mokweza, kumulembetsa mawu pasileti ndi kumufunsa masamu apakamwa.

Padalinso muyeso wina umene udali wamphamvu kuposa onsewa. Monga zidalili m'mishoni zina za Chipresibeteriya, wachinyamata wofuna kubatizidwa ankayembekezeka kudziwa kuwerenga kuti azitha kudziwerengera yekha Malemba. Choncho kalasi ya mpingo ndi kalasi ya sukulu zidali ngati chingwe chimodzi. Ichi chidakopa anthu ambiri kuti aphunzire zilembo, koma monga tionere, chidathamangitsanso ena.

Atsikana sadaiwalidwe. Ku Mvera kudatsegulidwa nyumba yolereramo atsikana m'zaka zoyambirira zomwe za mishoni, ndipo masiteshoni ena adatengera chitsanzocho. Atsikanawo ankaphunzira kuwerenga pamodzi ndi kusoka, ukhondo ndi kasamalidwe ka ana.

Muyeso umodzi wa mishoni zambiri

Mishoni iliyonse ikadapitiriza kuyenda yokha, satifiketi ya mphunzitsi wa ku Mvera ikadakhala pepala lopanda tanthauzo ku Blantyre kapena ku Bandawe. Amishoni a mipingo ya Chipulotesitanti adaliona vutoli msanga. Adakumana ku Livingstonia m'chaka cha 1900, ku Blantyre mu 1904, ndipo kachitatu ku Mvera mu 1910, a Murray ali eni khomo. Misonkhano imeneyi idabala ndondomeko imodzi ya maphunziro imene idalongosola zoyenera kuphunzitsidwa pa kalasi iliyonse, kusiyana kwa sukulu zophunzitsa m'chiyankhulo cha makolo ndi zophunzitsanso Chingerezi, komanso magiredi a aphunzitsi. Achikatolika ndi a Anglican a UMCA sadalowe nawo m'mgwirizanowu, komabe ndondomekoyi ndiyo idali chiyambi cha silabasi yofanana m'dziko muno, boma lisadaikepo dzanja.

Thandizo la boma pa nthawiyo lidali lochepa zedi. M'chaka cha 1907 lidayamba kupereka mapaundi 1,000 pachaka kuti mishoni zonse zigawane, pomwe anthu akuda ankakhoma msonkho wa nyumba chaka ndi chaka. Mtolo wa maphunziro udatsalira mipingo ya kunja ndi anthu a m'midzi eni ake, amene ankamanga sukulu ndi kuthandiza aphunzitsi awo.

Buku limene lidasanduka silabasi

Sukulu yophunzitsa m'Chinyanja inkafunika mabuku a Chinyanja, ndipo funso lidali lakuti Chinyanja chake chiti. A Laws adali atamasulira kale Chipangano Chatsopano m'kayankhulidwe ka kunyanja. Ku Blantyre, David Clement Scott adagwiritsa ntchito Chimang'anja ndipo adatulutsa dikishonale yake yotchuka m'chaka cha 1892. Kumtunda kwa chigawo cha pakati anthu ankayankhula Chichewa. Msonkhano wa 1900 udagwirizana kuti pakhale Baibulo limodzi lomveka kwa onse, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyi lidagwera a Murray, mothandizana ndi amishoni ena monga Alexander Hetherwick wa ku Blantyre.

Mmishoni yekha sakadaitha ntchito yotere. Eni chiyankhulo monga Jonathan Sande, Ismael Mwale ndi Wilibes Chikuse adakhala nawo pansi kwa zaka, kusankha mawu, kukana osamveka ndi kuwongola ziganizo. Mbali ina ya ntchitoyi idachitikira paphiri la Kaso pafupi ndi Mvera, kumene a Murray adapatukira kuti apeze bata. Chipangano Chatsopano chidayamba kutuluka, ndipo Baibulo lathunthu lidasindikizidwa m'chaka cha 1922. Lokonzedwanso lidatuluka mu 1936, a Murray atatsala pang'ono kupuma.

Phindu la bukuli lidapitirira tchalitchi. M'midzi yambiri ndilo lidali buku lalikulu lokhalo, choncho ndilo lidaphunzitsa mibadwo ingapo kalembedwe ka mawu ndi kamangidwe ka chiganizo. Makina osindikizira a mishoni adawonjezerapo mabuku oyambira kuwerenga, a nyimbo, katekisimu ndi magazini ya Mthenga, yomwe pambuyo pake idatchedwa Kuunika. Chiyankhulo chimene boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidachikweza kukhala cha fuko m'chaka cha 1968 chidali chitapulidwa kale m'makalasi ndi m'mabuku amenewa.

Nkhoma ndi alendo a Phelps-Stokes

Cha m'ma 1910 matenda a kaodzera, ofalitsidwa ndi ntchentche za kashembe, adavuta m'chigwa cha Domira Bay, moti akatswiri ochokera ku Britain motsogozedwa ndi David Bruce adadzamanga msasa wa kafukufuku kufupi ndi Mvera. M'zaka zomwezo mishoni idasamutsa likulu lake kupita ku Nkhoma, malo ozizira, a madzi ndi nthaka yabwino, amenenso adali pakati pa masiteshoni ena. Sukulu ya aphunzitsi ndi makina osindikizira zidasamukira komweko, ndipo chipatala cha Nkhoma chidayamba m'chaka cha 1915. Kuyambira pamenepo mtima wa mishoni udatalikirana ndi nyanja imene idali khomo lake.

Ku Nkhoma ndi kumene maganizo a a Murray ndi anzawo pa maphunziro adaonekera poyera. Cholinga chawo chidali kuumba mlimi wachikhristu wodziwa kuwerenga, wakhama pantchito, wokhala pakati pa abale ake m'mudzi. Pambali pa zilembo, ophunzira ankaphunzira ulimi, ukalipentala, kuumba njerwa, kufufuta zikopa, kuluka ndi ntchito zina zamanja zimene munthu angagwire ndi zipangizo zopezeka kwawo. Chingerezi chinkaphunzitsidwa mochepa ndiponso kwa ochepa, poopa kuti chingachotse achinyamata m'midzi ndi kuwathamangitsira m'matauni.

Njira imeneyi idali yosiyana ndi ya a Laws kumpoto. Sukulu ya Overtoun ku Khondowe, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1894, inkaphunzitsa Chingerezi chozama ndi maphunziro apamwamba, ndipo inkatulutsa makalaliki, othandiza madokotala, ogwira ntchito ya telegalafu ndi abusa amene ankapeza ntchito kuyambira ku Tanganyika mpaka ku South Africa. A Laws ankalota zoti tsiku lina padzakhale koleji yeniyeni.

M'chaka cha 1924 njira ziwirizi zidaikidwa pasikelo. Bungwe la Phelps-Stokes la ku America lidatumiza nthumwi zoyendera sukulu za kummawa ndi pakati pa Africa, motsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, ndipo mmodzi mwa iwo adali Dr James Aggrey wa ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana. Nthumwizi zinkakhulupirira maphunziro ogwirizana ndi moyo wa kumudzi, motengera sukulu za anthu akuda za Hampton ndi Tuskegee ku America. Zitafika ku Nkhoma zidapeza zimene zinkafuna ndipo zidayamikira kwambiri. Zidadzudzulanso boma chifukwa chosalabadira maphunziro a anthu akuda. Chaka chotsatira boma la Britain lidatulutsa mfundo zake za maphunziro m'maiko a mu Africa amene linkalamulira, ndipo zidatsamira mbali yomweyo.

Zotsatira zake zidaoneka msanga. Nthambi ya zamaphunziro idakhazikitsidwa m'chaka cha 1926, mkulu wake woyamba ali R.F. Gaunt. Lamulo la maphunziro lidatuluka mu 1927, koma mishoni zidadandaula kuti likupatsa boma mphamvu zochuluka pa sukulu zimene silidamange, ndipo lidalowedwa m'malo ndi lina mu 1930. Ku Domasi kudatsegulidwa sukulu ya Jeanes yophunzitsa oyendera sukulu za m'midzi pamodzi ndi akazi awo. Kuyambira nthawi imeneyo ndalama za boma zidayamba kutsata aphunzitsi a satifiketi yovomerezeka ndi sukulu zoyenderedwa. Ntchito yoyesa, imene mishoni inkadzigwirira yokha kwa zaka zoposa 30, idayamba kulowa m'manja mwa boma, ndipo zaka zomaliza za utsogoleri wa a Murray zidathera pokambirana ndi akuluakulu a ku Zomba za malire a mphamvuzo.

M'nyengo yomweyi mpingo umene udabadwa m'sukuluzi udakhwima. Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza adadzozedwa ubusa m'chaka cha 1925, ndipo mu 1926 Nkhoma idalowa mu mpingo wa CCAP umene Livingstonia ndi Blantyre adaukhazikitsa mu 1924.

Zimene sukulu ya m'mudzi idapereka

Pali zabwino za ndondomekoyi zimene sizingatsutsidwe. Anthu zikwizikwi amene sakadaponda m'kalasi adadziwa kuwerenga ndi kulemba m'chiyankhulo chawo. Mwamuna wa ku Dowa kapena ku Dedza wogwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia ankatha kulembera kalata mkazi wake popanda womulembera, ndipo mpingo udawatsatira komweko pamene Vlok adapita ku Salisbury m'chaka cha 1912. Mlimi wa fodya ku Lilongwe kapena wa thonje kuchigwa cha Salima, kumene njanji idafika mu 1935, ankatha kuwerenga manambala a pasikelo ndi pa lisiti.

M'sukulu zomwezi mudatuluka alembi. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wophunzitsidwa ndi mishoniyi, adalemba buku la Nthondo limene lidapambana mpikisano wa mabuku a m'ziyankhulo za mu Africa m'chaka cha 1933, ndipo T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi. Pambuyo pake Nthara adalembanso Mbiri ya Achewa. Mabuku otere sakadabadwa pakadapanda owerenga amene sukulu za m'midzi zidawakonza.

Ngongole imene idatsala

Koma dziko limene ana amenewa ankakulira silinkayesa munthu ndi muyeso wa ku Nkhoma. Ntchito za m'maofesi a boma, m'makampani, kunjanji ndi kupositi zinkafuna Chingerezi. Ngakhale pakati pa aphunzitsi, satifiketi ya giredi ya Chingerezi idali ndi malipiro ndi ulemu woposa ya giredi ya chiyankhulo cha makolo. Pamene sukulu zoyamba za sekondale zidatsegulidwa, Blantyre mu 1940 ndi Zomba Catholic mu 1942, khomo lolowera lidali mayeso a Sitandade 6, ndipo kiyi wake adali Chingerezi. Chigawo cha pakati chidapeza sekondale ya boma ku Dedza m'chaka cha 1951. Kwa zaka zambiri malo a ukalaliki ndi a utsogoleri adadzala ndi ophunzira a Livingstonia ndi Blantyre, ndipo kusiyana kumeneku kudasiya zipsera zimene zidaonekera ngakhale m'ndale za dziko litalandira ufulu.

Amalawi ophunzira a nthawiyo adaliona vutoli. Mabungwe a anthu akuda, kuyambira ndi la North Nyasa la 1912, ankapempha sukulu za boma, Chingerezi chokwanira ndi maphunziro a sekondale. Levi Mumba, amene adalowa m'komiti yolangiza boma pa zamaphunziro m'zaka za m'ma 1930, adalimbikira mfundo yomweyo. Kwa iwo, maphunziro ogwirizana ndi moyo wa kumudzi adali ndi fungo la kutsekereza munthu wakuda pamalo amodzi. Nkhawa yawo idali ndi maziko, chifukwa mpingo umene udatuma a Murray udavomereza kwawo ku South Africa, m'chaka cha 1935, mfundo za umishoni zolimbikitsa kuti mitundu izitukuka payokhapayokha, maganizo amene pambuyo pake adathandiza kumanga tsankho la apartheid. Sichingakhale chilungamo kusenzetsa munthu mmodzi mlandu wonsewo, pakuti a Murray adathera moyo wawo pokweza chiyankhulo cha anthu ndi kulumikiza mpingo wa Nkhoma ndi mipingo inzake ya m'dziko muno. Komabe n'zoona kuti amene ankasankhira ana a Achewa muyeso wa maphunziro sadali makolo a anawo.

Ngongole ina idagwera anthu a m'mphepete mwa nyanja, kumene masileti oyamba adatsikira. M'madera a mafumu monga Maganga, Pemba ndi Bibi Kuluunda, Chisilamu chidali chitazika kale mizu. Popeza sukulu ya mishoni idali khomo la ubatizo, makolo ambiri achisilamu adaletsa ana awo kupitako, nawasunga ku madrasa kumene ankaphunzira Korani ndi zilembo za Chiarabu. Maphunziro amenewo sankawerengedwa pa mayeso a mishoni kapena a boma. Boma nalo silidamange sukulu zosayang'ana chipembedzo zokwanira kutseka mpatawo. Motero katundu wa sukulu adadutsa pa Domira Bay kwa zaka zambiri kupita kumapiri, ana ambiri a pagombepo n'kutsala kunja kwa kalasi.

Kumtunda nako sikudali mtendere wokhawokha. Sukulu za mishoni zidalimbana ndi gule wamkulu, chifukwa dambwe ndi kalasi zinkakanganirana anyamata omwewo, ndipo mikanganoyo idakula m'zaka za m'ma 1920 mpaka kufika kwa mabwanamkubwa a maboma. Padalinso mpikisano ndi Akatolika, omwe adakhazikika ku Mua m'chaka cha 1902, pa funso la amene atsegule sukulu m'mudzi uti. Kawirikawiri chiwerengero cha sukulu chinkakula msanga kuposa chiwerengero cha aphunzitsi okhwima.

Zaka zomaliza

A Murray adapuma pantchito m'chaka cha 1937 atatumikira zaka 43, ndipo adabwerera ku South Africa kumene adamwalira mu 1947. Banja lawo lidapitiriza ntchitoyi: mwana wawo Pauline adakhala dokotala ku Nkhoma, ndipo mwamuna wake, J.L. Pretorius, adakhala mmodzi mwa atsogoleri a maphunziro a mishoniyo. Sukulu ya aphunzitsi ya ku Nkhoma idapatsidwa dzina la William Murray, ndipo dzinali lidatsalira sekondale imene ilipo lero. M'chaka cha 1962 mishoni idapereka ntchito zake, kuphatikizapo sukulu, m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma.

Mayeso amene kale adali m'manja mwa woyendera sukulu woyenda pansi tsopano ali m'manja mwa bungwe la MANEB, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1987 ndipo limayendetsa mayeso a PSLCE, JCE ndi MSCE. Pulayimale yaulere ya 1994 idabwezeretsa funso lakale lija la kuchuluka kwa ana ndi kuchepa kwa aphunzitsi okonzeka. Lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, pomwe akatswiri ambiri a maphunziro amanena kuti mwana amagwira msanga kuwerenga akayambira m'chiyankhulo chimene amayankhula kunyumba. Ndipo mpaka lero wophunzira amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena.

Pa mfundo yoti mwana ayambire m'chiyankhulo chake, nthawi yawaikira umboni a Murray. Pa mfundo yoti mwana wa m'mudzi Chingerezi sachifuna kwenikweni, mbiri idaweruza mokomera a Laws ndi a Mumba. Mwana wa msodzi wa ku Senga Bay kapena wa mlimi wa ku Mvera akufunika zonse ziwiri: maziko olimba m'chiyankhulo cha amayi ake, ndi khomo lotseguka lopita kulikonse kumene nzeru zake zingamufikitse. Amene akukonza silabasi ndi mayeso lero ali ndi mwayi umene a Murray adalibe kapena sadaugwiritse ntchito mokwanira, woti afunse makolo ndi aphunzitsi eni ake asadagamule muyeso woyesera ana awo.